Ntchito ndangoyamba kumene, akunditumiza kale ku Germany

Alangizi,

Ndangolembedwa kumene pakampani ina ya zamakompyuta, ndimayang'anira ma seva ndi netiweki. Mwezi sunathe nkomwe abwana andiuza kuti ndipita ku Munich masabata atatu kukaphunzira kwa eni ake a softiweya yomwe timagwiritsa ntchito. Kusangalala ndasangalala koma mutu wangoti balala, ndege sindinakwerepo, za viza sindikuzidziwa, nde a HR andipatsanso pepala loti ndisayine lonena kuti ndikasiya ntchito zaka 2 zisanathe ndidzabweza ndalama za maphunzirowo. Ndikuopa kufunsafunsa angamandione ngati wovuta poti ndidakali pa probation. Ndiyambire pati?

Wosokonezeka

Achimwene,

Mwachita mwayi ndithu, kampani sitaya ndalama ya tiketi pa munthu amene sikumukhulupirira. Koma sutikesi isiyeni kaye, yambani ndi pepala la a HR lo, chifukwa ulendo ndi wa masabata atatu pomwe pepalalo likumangani zaka 2.

Amalitcha training bond, ndipo si chachilendo, makampani ambiri amachita zimenezi poopa kuti akuphunzitsani bwinobwino kenako mwezi wamawa mwalowera kwa opikisana nawo. Kusayina sikolakwika. Chomwe ine sindimagwirizana nacho ndi pepala longoti "ndalama zonse" osatchula kuti ndi zingati. Afunseni alembe chiwerengero chenicheni, ndipo anene zomwe zili m'katimo, kaya ndi fizi yokha kaya aphatikizamo tiketi, hotelo ndi alawansi, poti izi zikaunjikana zimatha kuposa fizi yeniyeniyo. Chachiwiri funsani ngati ngongoleyo imatsika miyezi ikamapita. Bond yachilungamo imatero, mwachitsanzo ngati ndi ya miyezi 24 nde mwachoka mutagwira miyezi 18, mubweze za miyezi 6 yotsalayo basi, osati zonse ngati kuti simunawagwirire ntchito tsiku ndi limodzi lomwe. Ndipo poti muli pa probation pali funso lomwe ambiri amaliiwala: nanga akakuchotsani iwowo, kapena akapanda kukutsimikizirani ntchito probation ikatha, mudzalipirabe? Zimenezi zilembedwe. Funsani pa imelo mwaulemu, yankho likhale lolemba, ndipo mukasayina tengani kope yanu mukasunge kunyumba. Za kuoneka wovuta musadandaule, a HR mafunso otere amawalandira daily, ndipo munthu amene amupatsa ma seva a kampani akuyenera kukhala wowerenga asanadine.

Tsopano viza. Germany ili m'gulu la Schengen, lomwe ndi maiko a ku Ulaya olowa ndi viza imodzi, nde ngati pasipoti yanu ndi ya dziko lofunika viza mukufunika ya ulendo waufupi, yomwe imalola masiku osapitirira 90 m'masiku 180. Pasipoti ikhale yoti inatuluka m'zaka 10 zapitazi, ikhale ndi masamba awiri opanda kanthu, komanso ikhalebe yogwira ntchito miyezi 3 kupitirira tsiku lomwe mudzatuluke ku Schengen. Amafunanso inshuwalansi ya zachipatala yosachepera ma euro 30,000, kalata yokuitanani yochokera ku Munich ko, ndi ina ya kampani yanu yonena kuti ndinu wantchito wawo ndipo akulipira ulendowu ndi ndani. Ngati ndi koyamba mudzapita nokha kukadinda zala, palibe wokupitirani. Yankho nthawi zambiri limatuluka m'masiku 15 koma limatha kufika masiku 45, nde musamvere aja amati zimatheka sabata imodzi, sungitsani tsiku la appointment lero lomwe. Muonenso kuti ndege yanu ikudutsira kuti, ngati ndi ku London kumbukirani kuti UK sili mu Schengen, ili ndi malamulo akeake a anthu ongodutsa. Makalata onsewa muwasindikize akhale m'chikwama cha m'manja, wapolisi wa pa bwalo la ndege akafunsa kuti mwabwera kudzatani si nthawi yoyamba kusakasaka mu foni yoti yatsala 3%.

Apa pali kanthu kamene kamagwetsa ngakhale akatswiri a IT, zochititsa manyazi ndithu. Mwafika kuhotelo, mwatsegula laputopu kuti mulowe mu imelo ya kuntchito, sisitimu yaona kuti muli dziko lina nde ikuti yatumiza code pa SMS, pomwe SIM yanu ilibe roaming yoti igwire ntchito kunja kwa dziko. Mwakhala panja pa akaunti yanu yomwe, banki chimodzimodzi. Musananyamuke sinthani zonse zomwe zingatheke zipite pa app ngati Microsoft Authenticator kapena Google Authenticator, zimenezi zimapanga code ngakhale popanda netiweki, ndipo ma backup code, olowera mu akaunti foni ikavuta, muwalembe papepala. Auzeninso anzanu a security masiku a ulendo wanu, makampani ena amatseka ma login ochokera kunja, komanso VPN, njira yotetezeka yolowera mu netiweki ya kuntchito muli kutali, muyiyese mudakali muofesi.

Laputopu ndi power bank zisalowe m'sutikesi yopita pansi pa ndege. Power bank ndi lamulo kumene, imakhala nanu m'manja ndipo mphamvu ya batire yake isapitirire 100Wh ngati simukufuna kupempha chilolezo. Masoketi a ku Germany ndi a timabowo tiwiri tozungulira, magetsi ake ndi 230V, tchaja ya laputopu mukayang'ana kumbuyo imalembedwa 100-240V nde mukungofunika adaputala basi.

Ndalama: funsani ngati alawansi akupatsani musananyamuke kapena mukagwiritse zanu adzakubwezereni, kusiyana kwake nkwakukulu kwa munthu amene salale yoyamba sanalandire nkomwe. Mahotelo ambiri amagwira kandalama pa khadi ngati chikole ngakhale chipinda chalipiridwa kale, muzidziwiretu. Malisiti sungani onse.

Za maphunzirowo ndinene mwachidule. Ma slide adzakupatsani, nde musataye nthawi kukopera zomwe zili pa sikirini. Sabata ino zungulirani kwa anzanu amene akhalitsa pakampanipo muwafunse kuti softiweyayo imawavuta pati, lembani, tengani ndi ma log, mafayilo omwe softiweya imalembamo zomwe zachitika, ngati malamulo a kampani akulola, mukawaonetse amene anaipanga. Pamenepo ndi pomwe pali phindu la ulendowu, komanso mukatenge imelo ya injiniya mmodzi kapena awiri amene mungadzawalembere zinthu zikadzavuta usiku. Musachite manyazi kunena kuti sindinamve bwerezaninso, m'kalasimo ambiri Chingerezi si chiyankhulo chawo.

Ndipo ngati ndege yanu ikufika Loweruka madzulo gulirani pa bwalo la ndege pomwepo zomwe mukufuna, ku Germany masitolo ambiri Lamlungu amakhala otseka.