Kodi kutsutsa wolamulira dziko n'kupanda mwambo?

Adzukulu anga a ku Mbare ndi ku Mufakose, mwandifunsa ngati munthu woleredwa bwino angatsutse wolamulira dziko, popeza ife timakuphunzitsani kuti wamkulu sabwezeredwa mawu. Ena mwawonjeza kuti m'badwo wathu unali wamantha pamaso pa Kamuzu Banda, ndipo ndiyamba ndi zimenezi chifukwa n'zimene zimandipweteka.

Mu Marichi 1983 mtembo wa Attati Mpakati, mtsogoleri wa chipani cha LESOMA chomwe chinkatsutsa boma la Malawi chili kunja, unapezeka m'ngalande muno mu Harare. Mu Meyi chaka chomwecho nduna za boma Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala pamodzi ndi phungu wa Nyumba ya Malamulo David Chiwanga anaphedwa ku Mwanza, boma n'kulengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Ife a kuno tinazindikira kuti kukhala kutali sikuteteza munthu, n'chifukwa chake m'makalata opita kumudzi tinkangolemba za mvula, chimanga ndi maliro. Wopita kwawo kukacheza ankagula khadi la chipani cha Kamuzu, apo ayi ayufi ankamubweza pachipata cha msika kapena kumutsitsa m'basi. Musanatchule munthu wotere kuti wamantha, kumbukirani kuti anali ndi amayi ake kumudzi omwe akanavutika chifukwa cha pakamwa pake.

Komabe kukhala chete kumeneko musakuyese mwambo wa makolo. Kwathu mfumu imakhala ndi nduna zoyiwongolera, ndipo ikapitiriza kulakwa, amayi a mbumba ali ndi mphamvu yoidzudzula, pakuti mutu umodzi susenza denga. Kamuzu anadzitcha nkhoswe ya amayi onse, chonsecho nkhoswe yeniyeni imafunsidwa mafunso pabwalo ndipo imayankha. Nduna zake zitamuwongolera mu 1964, ena monga Orton Chirwa ndi Kanyama Chiume anachotsedwa, Henry Chipembere anatula pansi udindo, ndipo Chirwa anadzafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Wophwanya mwambo pamenepo anali wokana uphunguyo.

Ngati mukufuna chitsanzo cha kutsutsa kwaulemu, onani kalata ya maepiskopi a Katolika yomwe inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Marichi 1992. Munalibemo chipongwe ngakhale chimodzi. Anatchula za malipiro ochepa, za zipatala ndi sukulu, za anthu otsekeredwa osazengedwa mlandu, kenaka n'kuikapo mayina awo kuti aliyense adziwe amene wanena. Anaopsezedwa ndithu, koma anthu wamba anaona kuti zinthu zimene ankanong'onezana zikhoza kunenedwa masana. Pa 14 Juni 1993, pa riferendamu, oposa 63 pa 100 alionse anasankha nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, n'kusiya tambala wakuda, chizindikiro cha chipani chimodzi.

Inu tsopano muli ndi WhatsApp ndi Facebook, ndipo pano mpamene ndimada nanu nkhawa. Nenani chimene mwachitsimikiza, muchinene m'dzina lanu, ndipo mudzudzule zochita za munthu popanda kutukwana makolo ake. Dzina la mnzanu kapena chithunzi chake musachiike pa nkhani ya ndale iye asanalole, chifukwa ambiri amene analowa m'ndende za ku Mikuyu ndi ku Dzeleka anangotchulidwa ndi munthu wina pamowa kapena pamaliro, nthawi zina popanda n'cholinga choipa chomwe.