Kodi obwera amatsitsadi malipiro ku America?

Mayi wina wandilembera pa imelo. Akuti mlongo wawo amasamalira okalamba ku America, ndipo viza yake inatha kalekale. Akufunsa kuti: "Bwanji anthu a kumeneko angokhalira kukangana osakonza malamulo a obwera? Kodi n'zoona kuti anthu ngati mlongo wangayu amatsitsa malipiro a eni dziko?"

Mayi, ndiyamba ndi funso lachiwirilo.

Mu 1980 anthu pafupifupi 125,000 ananyamuka pa doko la Mariel ku Cuba, ndipo ambiri anakakhazikika ku Miami, mzinda wa ku America. M'miyezi yochepa chabe, ofuna ntchito mumzindawo anachuluka ndi pafupifupi 7 peresenti. Katswiri wa zachuma David Card atafufuza, mu 1990 anapeza kuti malipiro a eni mzindawo sanatsike kwenikweni. Katswiri mnzake George Borjas wa ku yunivesite ya Harvard anadzatsutsa zimenezi, akuti amuna osamaliza sekondale ndi amene anapwetekeka. Mawu a Borjas sindiwataya. Ngati alipo amene amamva kuwawa, ndi wosauka wosaphunzira, ndipo kawirikawiri amakhala wobwera mnzawo amene anafika poyamba. Koma kunena kuti wobwera aliyense amalanda ntchito ya munthu mmodzi n'kulakwitsa. Mlongo wanu amalipira lendi, amagula zinthu, ndipo chifukwa cha iye mwana wa nkhalamba imene akuisamalirayo amatha kupita kuntchito.

Kuchotsa obwera anayesapo kale. Mu 1964 boma linathetsa dongosolo la Bracero, lomwe linkabweretsa anthu a ku Mexico kudzagwira ntchito m'minda, poganiza kuti malipiro a eni dziko akwera. Alimi a tomato ku California anangogula makina okololera. Katswiri wa zachuma Michael Clemens ndi anzake atawerengera pambuyo pake, anapeza kuti malipiro sanakwere chifukwa cha kuchoka kwa anthuwo.

Chimene chimandipweteka ine n'chakuti chotsitsa malipiro kwenikweni ndi kusowa mapepala. Munthu woopa kugwidwa sangadandaule bwana akamubera maola, sangachoke msanga kukafuna ntchito yabwino kwina, ndipo mwini dziko wogwira naye ntchito limodzi amapikisana ndi munthu wotsekedwa pakamwa. Chonsecho ambiri mwa anthu amenewa amadulidwa msonkho pa malipiro awo, kuphatikizapo ndalama za Social Security, penshoni imene sadzaidya n'komwe.

Nanga bwanji sakonza? Lamulo lomaliza limene linapereka mapepala kwa anthu ochuluka kwambiri ndi la 1986, limene Pulezidenti Ronald Reagan anasaina. Anthu pafupifupi 2.7 miliyoni anapeza mapepala, koma chilango cha mabwana olemba anthu opanda zikalata sichinagwire ntchito, ndipo obwera anapitiriza kulowa. Chiyambire pamenepo mbali ina imati tsekani kaye malire, ina imati perekani kaye mapepala. Mu 2013 Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo za Congress, inavomereza bilu yokonza malamulo a obwera ndi mavoti 68 kwa 32, ofesi yowerengera ndalama ya Congress n'kunena kuti biluyo ikanachepetsa kuperewera kwa ndalama m'bajeti ya boma. Nyumba inayo, ya House of Representatives, sinavote n'komwe.

Palinso nkhani ya amene amalipira. Misonkho yambiri imapita ku boma la ku Washington, pamene ndalama zoyendetsera sukulu za ana a obwera zimachokera makamaka m'maboma a zigawo ndi m'mizinda. Wokhala mumzinda umene makalasi adzadza sakunama akamadandaula, ndipo andale amene amanyoza dandaulo lakelo amangokulitsa mkangano.

Za mlongo wanu, muwauze kuti bilu ya 2013 ija sinakhale lamulo. Aliyense wowalonjeza kuti awakonzera mapepala mwachangu akapereka ndalama, amuope. Nkhani yawo akaifotokoze kwa loya wovomerezeka wodziwa malamulo a obwera asanasaine chikalata chilichonse.