Buku la Chingerezi lionetse chikhalidwe cha ndani?

Aphunzitsi, mwafunsa ngati buku la Chingerezi la ana ongoyamba kumene sekondale liyenera kudzaza ndi chikhalidwe cha eni chiyankhulocho kapena cha anawo. Kwa ine, mbali ziwirizi pazokha n'zosakwanira. Mu 1999, akatswiri a kaphunzitsidwe ka ziyankhulo Martin Cortazzi ndi Lixian Jin anagawa patatu zikhalidwe zopezeka m'mabuku otere: cha wophunzira mwini wake, cha mayiko monga Britain ndi America, ndi cha mayiko ena onse. Chachitatuchi chimaiwalika kawirikawiri, chonsecho anthu amene Chingerezi anachita kuphunzira ndi ochuluka kuposa amene anayamwira. Mwana wanuyo akadzakula angathe kudzayankhula Chingerezi ndi munthu wa ku India, Nigeria kapena Philippines asanakumane n'komwe ndi wa ku London.

Komabe musatangwanike ndi kuwerenga mbendera ndi mayina a mizinda. Tsegulani mutu umodzi, muone amene akuchita zinthu. Akufunsa ndani, akuyankha ndani? Dokotala wa pachithunzi ndi wotani, nanga wosenza katundu? Mabuku ena amatulutsa anthu a m'mayiko osauka pokhapokha nkhani ikakhala ya njala kapena magule, pomwe mwana wa ku Ulaya amaoneka akuwerenga, akuyenda maulendo, akusankha yekha zochita. Mwana wa zaka 13 sangaloze kuti tsankho lili apa, koma zimamulowa pang'onopang'ono, mpaka amayamba kuona ngati Chingerezi n'cha anthu a moyo wina, osati wake. Zimenezi zimandiwawa kwambiri.

Dziwaninso kuti makampani osindikiza mabuku ogulitsa m'mayiko ambiri amazemba dala nkhani monga ndale, mowa, chipembedzo, kugonana, mankhwala ozunguza bongo ndi nyama ya nkhumba, pa mndandanda umene amautcha PARSNIP. Kuopa kukhumudwitsa ogula kotereku kumasiya chikhalidwe cha pamwamba chabe: zovala, zakudya, zikondwerero. Za mmene anthu amalemekezera akuluakulu, mmene amapepesera, kapena mmene amakanira chinthu mosakhumudwitsa mnzawo, zimasowa.

Ngati bukulo simungalisinthe, sinthani mafunso a m'munsi mwa nkhani. Akawerenga zokambirana zimene mwana akuitana munthu wamkulu ndi dzina lake lenileni, afunseni kuti akanakhala iwo akanatani, ndipo afotokoze chifukwa chake m'Chingerezi chomwecho. Kenako alembenso zokambiranazo awiriawiri, mmodzi akhale iye mwini, winayo mlendo wochokera ku Singapore kapena ku Kenya.