Za ntchito ya uloya ku Seoul ija, imvani zomwe zinandionekera ine

Achemwali, ndangowerenga positi yanu yoti mwapeza ntchito ya uloya ku Seoul, ku South Korea, ndipo mukufunsa ngati mupite kapena ayi, thupi lonse latentha, chakudya ndachikankhira pambali. Anthu akukuyamikirani m'makomenti muno kuti mwaphula, Seoul, loya wa makampani, ndipo sakunama. Koma palibe amene wakuuzani za mkati mwake. Ine ndinakhalapo pa mpando womwewo umene akukuitaniraniwo, m'gulu lothandiza makampani a ku Korea akafuna kukamanga mafakitale kunja. Dzina la ofesi musandifunse, ngakhale ku inbox sindikuuzani.

Musaganize kuti mukupita kukakhala loya ngati mmene mulili ku Blantyre. Kukhoti simudzaimako. Lamulo lawo la maloya akunja la 2009 limalola munthu kulembetsa ngati mlangizi wa malamulo a kwawo pokhapokha dziko lakelo lili ndi mgwirizano wa zamalonda ndi Korea wokhudza ntchito zoterezi, monga America, Britain ndi mayiko a EU. Malawi mulibe mmenemo. Ndiye pa khadi lanu adzalemba foreign attorney, kutanthauza loya wakunja, koma chilichonse chimene mwalemba chidzatuluka ndi siginecha ya loya wachikoreya. Zikayenda bwino nzeru ndi zake. Zikaphulika ndi pamene mudzamve dzina lanu likutchulidwa bwinobwino koyamba.

Ntchitoyo payokha ndi yokoma, apa sindingainyoze. Samsung itatsegula fakitale ya mafoni ku Bac Ninh, ku Vietnam, mu 2009, kenako ina ku Thai Nguyen mu 2014, LG nayo itakhazikika ku Hai Phong, timakampani tonse tomwe timapanga tizipangizo ta m'kati mwa foni ndi wailesi ya kanema tinayenera kulongedza n'kutsatira ku Vietnam. Mu 2017 China itakwiya ndi nkhani ya THAAD, zida za America zotchinga mizinga zimene zinaikidwa ku Korea, masitolo a Lotte kutsekedwa, magalimoto a Hyundai kusiya kuyenda malonda, amene anali adakakamirabe ku China anayamba kufunafuna potulukira. Kenako kunabwera mafakitale a mabatire a magalimoto, Wrocław ku Poland, Göd ndi Komárom ku Hungary, pano Georgia ku America. Koma akuluakuluwo ali ndi maloya awo m'nyumba ndipo amapita ku maofesi otchuka. Amene adzafika pa desiki lanu ndi otsatira aja, abambo a zaka za m'ma 60 amene anayamba ndi makina amodzi ku Ansan kapena ku Incheon, mizinda ya pafupi ndi Seoul, sanatulukepo ndi ndalama kunja, ndipo wogula katundu wawo wawauza kuti pofika mwezi wakuti mukhale mukupanga pafupi ndi ife, apo ayi tipeza wina.

Kasitomala wanga anali mmodzi wa amenewa. Amapanga zikuto za pulasitiki. Anabwera ndi dobadoba wina wachikoreya wokhala ku Hanoi, likulu la Vietnam, wa suti yonyezimira, amene anali atawapezera kale malo m'dera la mafakitale kumpoto kwa mzindawo. Zonse zatheka, akutero, maloya mungoyang'ana mapepala mwachangu. Munthu ameneyu ndikamukumbukira mpaka lero mano amandiyabwa. Komishoni yake imatuluka tsiku losayinirana, ndiye funso lililonse limene ndimafunsa kwa iye linali chipongwe.

Ku Vietnam malo sagulidwa. Malo onse ndi a anthu onse, boma ndiye limayang'anira, ndipo kampani yakunja imangotenga lizi, nthawi zambiri yosapitirira zaka 50. M'madera a mafakitale simuchita lizi ndi boma mwachindunji, mumachita ndi kampani imene inakonza deralo, inaika misewu, madzi ndi magetsi, iyo ndi imene inatenga malo ku boma. Pamenepa ndi pomwe pali msampha. Pansi pa lamulo la malo la 2013, limene linkagwira ntchito nthawi imeneyo, ngati kampani yokonza deralo inalipira boma lendi yonse kamodzi, inunso mukhoza kulipira kamodzi n'kupeza chiphaso cha malo chokulolani kupereka malowo kubanki ngati chikole. Koma ngati iyo imalipira boma chaka ndi chaka, inunso mumawerengedwa ngati wolipira chaka ndi chaka, ngakhale mutapereka thumba lonse. Chikole chanu chimangokhala nyumba ndi katundu wa pamalopo, osati ufulu wa malowo. Ndipo kontirakiti yathu inalembedwa mochenjera. Ndalama zambirizo zinatchedwa malipiro ogwiritsira ntchito misewu ndi mapaipi, pamene lendi ya malo enieni inali kandalama kochepa ka chaka chilichonse kobisika kumapeto. Sajang uja, mwini kampani, mumtima mwake amadziwa kuti akugula malo, ndipo banki yake inali itamulonjeza ngongole yomangira podalira malo omwewo.

Ndinaziona. Ndinaimbira loya wa ku Hanoi amene tinkagwira naye ntchito, mayi wodekha kwambiri, anandiuza kuti inde, funsani kontirakiti ya pakati pa kampaniyo ndi boma musanasayine. Ndinalemba tsamba lathunthu mu memo, pamwamba penipeni. Ndinalembanso kuti makina akale opitirira zaka 10 salowa mu Vietnam mwachisawawa, ndiye atipatse chaka chimene makina alionse anapangidwa asanakweze chilichonse m'sitima. Bwana wanga, patina wa gululo, mmodzi wa eni ofesi, anawerenga ataimirira, jekete ili paphewa, akuthamangira ku chakudya chamadzulo ndi kasitomala yemweyo. Anati memo yatalika, kasitomala sawerenga Chingerezi chambiri, tidzamasulira zofunika zokha. Zimene zinapita kwa kasitomala m'Chikoreya zinali masamba awiri. Tsamba langa lonse linasanduka mzere umodzi wonena kuti nkhani ya malo iunikidwenso mtsogolo. Za makina sizinalowemo n'komwe.

Anasayina. Anapereka lipoti kubanki yawo ku Korea monga lamulo la ndalama zakunja limanenera, ndalama zinapita, ziphaso ziwiri za boma la Vietnam, cha pulojekiti ndi cha kampani, zinatuluka. Makina anapasulidwa ku Ansan, antchito ena anapatsidwa makalata. Kugula mbereko mwana asanabadwe. Banki itafunsa chiphaso cha malo n'kuona mawu akuti kulipira chaka ndi chaka, inati ngongole iyi ayi. Sabata yomweyo kunabwera uthenga wochokera ku doko la Hai Phong kuti makontena ena sakutuluka chifukwa makina atatu ndi akale kwambiri, ndipo tsiku lililonse likadutsa ndalama yosungira ikukwera. Dobadoba uja foni yake inasiya kulira.

Msonkhano unali Lolemba m'mawa, chipinda cha pamwamba, mawindo oona mtsinje wa Han. Sajang anabwera ndi mwana wake wamkazi amene amasunga mabuku a kampani. Sanakuwe. Bola akanakuwa. Anatulutsa masamba awiri aja m'chikwama, atapindikapindika chifukwa chowerengedwa kambirimbiri, anawaika patebulo n'kufunsa chapansipansi kuti, kodi apa munandiuza pati? Manja ake, zala zokhala ndi zipsera za makina, anali kunjenjemera mpaka kapu ya khofi imagunda pa sosala. Mwana wake anali atatsegula kompyuta koma samalemba chilichonse, amangoyang'ana khoma. Ndiye bwana wanga anawerama pang'ono, ndi nkhope ya chisoni imene ndikukhulupirira anaiyeserera pagalasi, n'kunena m'Chikoreya kuti mbali ya Vietnam anaigwira mnzathu wakunjayu, ndipo zikuoneka kuti sanamvetse kulemera kwake. Ananena ine ndili pompo, mpando wachiwiri kuchokera kwa iye. Ankaganiza kuti Chikoreya changa chimathera pa kuitanitsa chakudya. Ndinamva liwu lililonse. Maso onse anatembenukira kwa ine, sajang anandiyang'ana nthawi yaitali, osati mwaukali, koma ngati munthu amene wangozindikira chimene chamupha. Memo yeniyeni inali mu foda yomwe ndinaigwira m'manja, tsamba loyamba, ndi deti yake. Pakhosi panauma. Ndinamva thukuta likutsika kumsana m'chipinda chozizira. Mnyamata wina wachikoreya wa m'gulu lathu, amene anamasulira yekha masamba awiri aja ndipo amadziwa zonse, anandiponda phazi pansi pa tebulo kuti ndikhale chete. Ndinaimirira, ndinawerama, ndinapepesa chinthu chimene sindinachite.

Madzulo ake bwana wanga uja anali ndi mtima wonditumizira uthenga pa KakaoTalk, yomwe ili ngati WhatsApp ya kumeneko, kuti wagwira ntchito lero, tiye tikamwe. Tikamwe! Munthu wa digiri za ku America, wopemphera Lamulungu lililonse, woyankhula pa misonkhano za kuteteza makampani ang'onoang'ono. Anasankha ine chifukwa amadziwa kuti viza yanga yogwirira ntchito, ya E-7, yamangiriridwa pa ofesi yake, ndilibe mnzanga wa kusukulu m'ofesi ina iliyonse mu Seoul, ndilibe amalume oweruza milandu. Mkoreya mnzake sakanamuchita zimenezo chifukwa akanakumana naye kwa zaka 30 zikubwerazo. Ine ndinali wodutsa.

Sajang anapulumuka movutikira. Anapereka fakitale yake ya ku Ansan ndi nyumba yake yogona ngati chikole kuti ngongole ituluke ku Korea, makina atatu aja anabwerera, anagula ena. Zokasuma tinaziyang'ana. Kontirakiti imati mkangano ukaweruzidwe ku Singapore, koma kupambana kumeneko ndi nkhani ina, kukakamiza chigamulocho m'khoti la ku Vietnam ndi nkhani inanso, makamaka pa nkhani yokhudza malo. Komanso kampani yokonza dera ija sinaname paliponse m'mapepala. Zonse zinalembedwa, zimangofuna munthu wouza kasitomala. Bonasi yanga chaka chimenecho inadulidwa, ndipo kasitomalayo anapempha kuti asadzandionenso.

Ndiye mukuti mupite kapena ayi? Pitani. Inde, ndikudziwa zomwe ndangolemba, pitani basi. Zimene mudzaphunzire kumeneko m'zaka zochepa, ku ofesi ya pa Victoria Avenue simungazione, ndipo ntchito ikuchuluka. Kuyambira Januwale 2024 Korea ndi Vietnam onse anayamba msonkho wosachepera 15 peresenti pa magulu a makampani opeza mayuro 750 miliyoni kapena kuposa pa chaka, ndiye zokoma zakale zija, zaka 4 osalipira msonkho, zaka 9 kulipira theka, sizikutanthauzanso zomwezo kwa akuluakulu, ndipo mapulani ambiri akuwerengedwanso. Mwaonanso zomwe zinachitika pa 4 Seputembala 2025 ku Ellabell, Georgia, pamene a zolowa ndi kutuluka anagwira anthu pafupifupi 475 pamalo omanga fakitale ya mabatire, oposa 300 a iwo Akoreya, nkhani yake ya mtundu wa viza imene amisiri analowera. Pano kampani iliyonse ikufuna wina woti aiuze amene angapite kukaika makina ndi pepala lotani. Ife amene tinaphunzira malamulo ochokera ku England, kontirakiti ya Chingerezi timaiwerenga mwamsanga kuposa anzathu ambiri a ku Korea, ndipo iwo amadziwa.

Sungani dirafuti iliyonse, ndipo chenjezo lililonse lalikulu mulitumize pa imelo kwa bwana ndi mutu womveka, osangomupatsa pamanja. Ine ndinali nazo zonse ndipo sizinandithandize kanthu, komabe sungani. Pemphani kuona zimene zamasuliridwa zisanapite kwa kasitomala, akakana mudziwiretu kuti pali chinachake. Phunzirani Chikoreya mwamphamvu mpaka muzimva za mumsonkhano, ngakhale kunena zoona tsiku lija ndikanakhala wosamva ndikanagona tulo. Bwana musamutsutse pamaso pa kasitomala zivute zitani, kumeneko zimenezo sakhululuka, mudzangodzitsekera makomo onse. Koma musapepesenso zomwe simunachite. Mmene mungachitire ziwirizi nthawi imodzi, kaya, mukaona nokha. Pangani ubale wanuwanu ndi maloya a ku Hanoi, Jakarta ndi Warsaw amene mudzagwire nawo ntchito, chifukwa amene anandilumikiza ndi ntchito yomwe ndili nayo pano ndi mayi wa ku Hanoi uja. Mukapeza mpata lembani mayeso a uloya a New York, pepala limenelo limasintha mmene amakuonerani komanso malipiro.

Ndipo musanasayine afunseni za nyumba. Ku Seoul eni nyumba amafuna dipoziti yaikulu zedi musanalowe, yoposa malipiro a miyezi ingapo, ndiye alembe m'kontirakiti kuti ofesi ndi imene ipereke, komanso kuti mukasiya ntchito akupatsani nthawi yotani yoti musamuke.