Kodi 13th cheque ndi ufulu wanga kapena ndi chifundo cha abwana?

FUNSO

Bambo,

Ndimagwira ntchito pa holoselo ina m'tauni muno mu Mzuzu, ndipo ndimakhala ku Chibavi. Chiyambire ntchito mu 2020, Disembala aliyense takhala tikulandira malipiro awiri, a mwezi ndi 13th cheque. Chaka chino abwana atiitana n'kutiuza kuti kulibe chifukwa malonda sanayende. Ine ndalamayo ndinali nditaigawa kale m'mutu: feteleza wobereketsa wa munda wa amayi ku Ekwendeni ndi fizi ya mwana ya Januwale. Mlongo wanga amene ali ku Joni akuti ndi lamulo, ndikawasumire. Mnzanga wa pantchito akuti chaka chili ndi masabata 52, ukagawa ndi 4 imakwana miyezi 13, ndiye mwezi winawo ndi thukuta lathu lomwe amangotisungira. Chikundiwawa kwambiri n'choti pa Khirisimasi ndi tsiku lotsatira timatsegula monga mwa masiku onse, ndipo sitidandaula. Kodi ndipite ku Leba?

Mayi wa ku Chibavi

YANKHO

Mayi, ndiyambe ndi zowawazo kuti tithane nazo. M'malamulo a ntchito a dziko lino mulibe ndime yokakamiza bwana kupereka 13th cheque. Lamulo lalikulu ndi Employment Act la mu 2000, limene linakonzedwanso mu 2010 ndi mu 2021. Limanena za maola ogwirira ntchito, za tchuthi, za ndalama ya munthu amene wachotsedwa ntchito, koma pa malipiro achiwiri a Disembala lili chete. Alongo anu akunena zimene amaona ku Joni, kumene makampani ambiri amaperekadi, komatu ngakhale ku South Africa komweko boma silikakamiza. Maiko amene anachita kuziika m'lamulo alipo, monga Brazil kuyambira mu 1962, Philippines kuyambira mu 1975, ndi Mauritius. Ife sitili m'gulu limenelo.

Masamu a mnzanuwo ndimawamva chaka chilichonse, ndipo amakoma m'khutu. Akanakhala oona mukanagwirizana zolandira pa masabata anayi alionse. Inu munagwirizana za pamwezi, ndipo kupatula Febuluwale palibe mwezi wa masiku 28. Malipiro a Malichi amalipira masiku onse 31 a Malichi. Palibe mwezi wobisika umene abwana akukusungirani. Masamu amenewo musapite nawo ku Leba.

Izi sizikutanthauza kuti nkhani yanu yafera pomwepo. Lamulo likapanda kupereka chinthu, mgwirizano ukhoza kupereka, ndipo bwana akalonjeza m'kalata, lonjezolo limasanduka ngongole. Ndiye tsegulani sutukesi, mupeze kalata imene anakulemberani ntchito. Bwana amene ali ndi antchito asanu kapena kuposerapo amayenera kupatsa wantchito aliyense pepala lofotokoza malipiro, maola ndi zina zotero pasanathe mwezi chiyambire ntchito. Ngati pali kabuku ka malamulo a pakampani, kapena mgwirizano umene bungwe la antchito linasainirana ndi abwana, muwerengenso momwemo.

Powerenga musathamange. Ndinakhala pa desiki yokonza malipiro kwa nthawi yaitali, ndipo makalata otere ndawaona a mitundu iwiri. Ina imanena mosapsatira kuti wantchito adzalandira malipiro a mwezi umodzi oonjezera mu Disembala. Ikatero, mawu oti malonda sanayende sathandiza abwana, monga momwe sangakanire malipiro a Novembala chifukwa shuga sanagulidwe. Koma makalata ambiri amanena kuti kampani ikhoza kupereka bonasi ikaona kuti yapeza phindu. Amene analemba chiganizo chimenecho sanali wogona. Anasiyiratu khomo lotulukira, ndipo chaka ngati chino ndi chimene analisiyira.

Nanga ngati sizinalembedwe paliponse? Apa ndiye pamene nkhani yanu yagona, chifukwa mwalandira chaka ndi chaka kuyambira mu 2020. Chinthu chikaperekedwa mosadukiza, pa mlingo umodzimodzi, bwana osanenapo kuti ndi mphatso chabe, wantchito amakhala ndi poyambira kunena kuti chinalowa kale mumgwirizano. Sindikukulonjezani kuti mukapambana, koma si mlandu wopanda miyendo. Chimene chidzalemere ndi mmene ndalamayo inkabwerera. Ngati inkaoneka pa payslip, ili ndi mzere wakewake, yofanana ndi malipiro a mwezi, ndipo msonkho unkadulidwa, muli ndi umboni wogwirika. Ngati inkabwera mu envulopu ya khaki madzulo a pa 24, chaka china yonenepa chaka china yoonda, pamodzi ndi paketi ya shuga ndi botolo la mafuta ophikira, abwana akugwirani chanza kuti mukadye bwino Khirisimasi, imeneyo aliyense adzaitcha mphatso. Mphatso salondola.

Tsopano ndibwere pa chiganizo chimene mwachiika kumapeto ngati chosafunika, chakuti mumatsegula pa Khirisimasi ndi tsiku lotsatira ndipo simudandaula. Mayi, apa ndi pamene muyenera kudandaula. Pa 25 ndi pa 26 Disembala ndi masiku a tchuthi cha boma, chimodzimodzi pa 1 Januwale ndi pa 15 Januwale, tsiku la Chilembwe. Lamulo lomwe lija limati wogwira ntchito pa tsiku lotere alipidwe kawiri pa ola lililonse. Kugwira pa tsiku lanu lopuma ndi kawirinso. Maola opitirira a tsiku wamba amalipidwa kamodzi ndi theka, ndipo sabata ya ntchito siyenera kupyola maola 48 popanda ovataimu. M'maholoselo a m'tauni muno Disembala anthu amatseka kutada, magalimoto a ku Nkhata Bay ndi ku Rumphi akupakirabe katundu. Maola amenewo amalembedwa kuti? Ambiri amawasiya poganiza kuti 13th cheque ikubwera, n'kumachita manyazi kufunsa. Chaka chino manyaziwo alibenso chifukwa.

Dzifunseninso za tchuthi cha pachaka. Wogwira masiku 6 pa sabata ali ndi masiku 18 a tchuthi cholipidwa, wogwira masiku 5 ali ndi 15. Amene wakwanitsa chaka pa ntchito akadwala, dokotala n'kulemba kalata, ali ndi masabata 4 a malipiro athunthu ndi masabata 8 a theka. Mayi woyembekezera ali ndi masabata 8 a malipiro athunthu kamodzi pa zaka zitatu. Izi palibe bwana angazichotse ponena kuti malonda sanayende.

Chachikulu kuposa zonse ndi penshoni. Bwana amayenera kuika ndalama yosachepera 10 peresenti ya malipiro anu, inu n'kuikapo 5 peresenti, ndipo zonsezo zizipita ku kampani yosunga penshoni mwezi ndi mwezi. Lamulo la penshonili linayamba mu 2011, n'kulembedwanso mwatsopano mu 2023. Vuto limene lafala n'loti pa payslip ndalama imaoneka yadulidwa koma kumene iyenera kupita siinafike. Kampani imene yalephera 13th cheque ine ndimaiyang'ana ndi diso limenelo. Pitani ku kampani yosunga penshoni yanu mukapemphe sitetimenti, muone ngati miyezi yonse yalowa. Ngati pali mipata, nkhaniyo ndi ya Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira za penshoni. Mwezi umodzi wa bonasi ndi wochepa poyerekeza ndi zaka za penshoni yosatumizidwa.

Kodi mupite ku Leba? Pitani, koma musayambire kumeneko. Yambani ndi kalata yaulemu kwa abwana, makamaka yosainidwa ndi anzanu angapo, yofunsa zinthu ziwiri: chifukwa chimene 13th cheque yaimitsidwira, ndi mmene masiku a tchuthi cha boma alipiridwire chaka chino. Sungani kope. Nthawi zina bwana akaona kalata amalolera theka, kapena kupereka mu Febuluwale. Zikakanika, ofesi ya Leba ilipo mu Mzuzu, ndipo khoti la milandu ya pantchito, Industrial Relations Court, lilinso ndi nthambi yake muno, simufunika ulendo wa ku Lilongwe. Chimene ndikukuletsani ndi kunyanyala ntchito mwa nokha kapena kujomba pofuna kuonetsa mkwiyo. Mukatero mwawapatsa chifukwa chokuchotsani, ndipo mlandu umatembenuka. Za feteleza, kambiranani ndi a banki m'khonde yanu musanaganize za katapila.

FUNSO

Bambo, ine ndimalandira K300,000 pa mwezi pa kampani ina ku Luwinga. Mwezi wamba ndimatsala ndi ndalama yodziwika, koma 13th cheque itabwera inali yopereweratu. Akaunti akuti ndi msonkho. Kodi bonasi imadulidwanso msonkho, kapena andibera?

Mnyamata wa ku Mchengautuwa

YANKHO

Achimwene, sanakubereni. Kwa a MRA, bungwe lotolera msonkho, bonasi ndi malipiro ngati ena onse, ndipo imalowa mu PAYE, msonkho wodulidwa pa malipiro. Chimene chimapweteka n'choti imaphatikizidwa ndi malipiro a mwezi womwewo, ndiye gawo losadulidwa msonkho mumalipeza kamodzi kokha.

Titenge chitsanzo cha milingo imene inayamba mu Epulo 2024: K150,000 yoyamba siinkadulidwa kanthu, K350,000 yotsatira inkadulidwa 25 peresenti, ndipo kupitirira pamenepo inkayamba 30 peresenti. Pa mwezi wamba, pa K300,000 yanu msonkho umagwera pa K150,000 yokha, ndipo umakwana K37,500. Mu Disembala muli ndi K600,000. K150,000 yapulumuka, K350,000 yadulidwa K87,500, K100,000 yotsalayo yadulidwa K30,000, zonse pamodzi K117,500. Ndiye pa K300,000 yoonjezerayo boma latengapo K80,000, inu mwatsala ndi K220,000, pamene mumayembekezera K262,500. Milingoyi imasintha ndi bajeti ya boma, choncho funsani akaunti anu imene agwiritsa ntchito, koma kawerengedwe kake n'komweko.

Simunanene kuti munayamba liti. Ngati munayamba pakati pa chaka, makampani ambiri amapereka molingana ndi miyezi imene mwagwira. Woyamba mu Meyi wagwira miyezi 8 mwa 12, ndiye pa K300,000 amayambira pa K200,000 msonkho usanadulidwe.

Pemphani payslip ya Disembala, ndi ufulu wanu kuilandira, ndipo iyenera kuonetsa chilichonse chimene chadulidwa. Muyang'anitsitse ngati sanachotserepo nthawi imodzi ngongole ya adivansi imene munatenga m'katikati mwa chaka, chifukwa akaunti ambiri amadikirira Disembala kuti atseke mabuku, ndipo wantchito amakhala ataiwala kale kuti anasaina.