Vinyo wa ukwati wawonongeka kwa alamu: alipire ndani?

Mayi, mwati munagula makatoni a vinyo wa ku South Africa m'sitolo ina ku Limbe, woti akamwedwe pa ukwati wa mwana wanu, n'kukasungitsa kwa alamu anu ku Chilomoni. Iwo anamuika m'kachipinda ka malata kopanda siling'i mwezi wonse wa Okutobala. Pano zitsekero zina zatumphuka, mabotolo akuchucha, ndipo achibale akuti mumutaye n'kukadandaula kupolisi.

Musataye botolo ngakhale limodzi. Milandu ya katundu wowonongeka ndaiona ikugwera pomwepa: munthu afika kukhoti ndi mkwiyo wokhawokha, katunduyo ali kudzala.

Khoti lidzafuna kudziwa kuti vinyoyu anawonongekera m'manja mwa ndani. Vinyo amasungika bwino pa madigiri 12 mpaka 15. Kutentha kukapitirira 30 amafufuma m'botolo, amakankha chitsekero, mpweya n'kulowa, kakomedwe n'kumamveka ngati zipatso zophika. Mu Okutobala kuno ku Blantyre timafika pamenepo, nanji pansi pa malata. Koma vinyo wotere nthawi zambiri amabwera pa thiraki kudzera ku Tete, kotentha koopsa, asanalowe pa Mwanza. Choncho alamu anu adzati anabwera atawonongeka kale, a sitolo adzati anachoka kwawo ali bwinobwino, inu n'kutsala pakati.

Kumbali ya sitolo, mwayi wanu ndikuuona wochepa. Lamulo la Sale of Goods Act limati katundu akakhala wanu, chomuonekera pambuyo pake n'chanu, ndiponso mukakhala naye nthawi yaitali osadandaula mumatengedwa kuti munamuvomera. Pokhapokha mutaonetsa kuti vuto linalipo tsiku logula.

Kwa alamu nkhani ikusiyanako. Wovomera kusunga katundu wa mnzake ayenera kumusamala, ngakhale asakulipidwa, ndipo katunduyo akabwerera wowonongeka, iye ndiye afotokoze kuti anamusamala motani. Komatu zimenezi zimayamba inu mutatsimikizira khoti kuti munapereka vinyo wabwino. Ndani anaona makatoni akutsitsidwa? Munatsegulako limodzi? Munawauza kuti pamafunika pozizira? Ngati munachiona kachipindako n'kuvomera nokha, kapena simunanene kanthu kwa munthu amene sadziwa za vinyo, khoti likhoza kuona kuti palibe chimene analakwa, kapena kukupatsani zochepa kuposa zimene mukuyembekezera. Sindingakulonjezeni kuti mupambana.

Za kupolisizo zisiyeni. Palibe waba, ndipo iyi ndi nkhani yofuna chipukutamisozi. Zimanditopetsa kuona achibale akuthamangitsira munthu kupolisi, komwe akangotaya masiku, chikhalirecho ena a iwo akutsegula mabotolo ati "kulawa". Botolo lililonse limene latsegulidwa popanda mboni ndi umboni umene wapita.

Jambulani lero kachipindako, denga lake, makatoni ndi botolo lililonse lochucha, manambala a pa lebulo akuoneka. Mukatero samutsirani vinyoyo pozizira ndi pamdima, chifukwa khoti sililipiritsa wina pa zimene mukanatha kupulumutsa. Mabotolo a chitsekero chopotokola saonetsa msanga vuto, ndiye tsegulani limodzi alamu anu alipo, pamaso pa munthu wodziwa vinyo amene si wachibale, alembe zimene wapeza. Sungani lisiti ndi mauthenga a pa WhatsApp, ndipo muwerengere mtengo wa owonongeka okha.

Lemberani alamu kalata yotchula ndalamazo ndi tsiku loti ayankhe, ina ipite kusitolo. Popeza ukwati uli pafupi, yambani mwakhala pansi ndi akuluakulu a banja, koma zogwirizanazo zilembedwe ndi kusainidwa. Zikakanika, kalaliki wa kukhoti la majisitireti akuuzani za masamoni malinga ndi kuchuluka kwa ndalamazo. Dandaulo la sitolo likhoza kupitanso ku bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission. Lamulo la Limitation Act limapereka zaka 6 zoti munthu akasume pa milandu ya mgwirizano, koma vinyo wa m'botolo lochucha akusintha tsiku lililonse, choncho woyesa uja abwere sabata ino.