Ulimi wa m'matumba ungatheke ku Chigwa cha Shire kuno, koma yambani mwalawa madzi anu

Achemwali, mwafunsa ngati ulimi wosanjikiza mbewu m'mwamba umene mwauona pa kanema wa pa Facebook ungatheke ku Nchalo ndi ndalama zochepa, poti mumakhala pa lendi ndipo dimba mulibe. Ungatheke ndithu, koma osati wa mtundu umene mwauonawo.

Za m'kanemazo, masamba ali m'mashelefu m'nyumba yotseka, mababu akuyaka, mapampu akuzunguza madzi, zonsezo moyo wake ndi magetsi. Eni ake omwe zikuwalemera: kampani ya AeroFarms ya ku America, yomwe inatchuka kwambiri pa ulimi umenewu, inathamangira ku khoti mu 2023 ngongole zitaikulira. Nanga ife? Namondwe wa Ana atawononga damu lopangira magetsi la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, magetsi n'kumazimazima mpaka chaka chotsatira. Kutentha kwa Okutobala kuno, pampu ikangoima maola ochepa, mizu yapsa. Komanso anzathuwo amagula kuwala, pamene ife dzuwa tili nalo lochita kutisautsa. Ndalama zanu musaponye kumeneko.

Chimene chimagwira pakhomo ngati panupo ndi thumba. Ku Kibera, mumzinda wa Nairobi, anthu opanda malo akhala akudyera ndiwo za m'matumba kwa zaka zambiri. Pezani thumba loyera la makilogalamu 50, lija la chimanga kapena la feteleza lochapa bwino. Boolani kunsi kwake, mulikhazike pa njerwa. Tengani chitini chachikulu chochotsa uku ndi uku, muchiimike pakati pa thumba, mudzazemo miyala ing'onoing'ono. M'mbali mwa chitinicho thirani dothi, kenako chikokereni m'mwamba miyala itsale, mudzazenso, mpaka mufike pakamwa pa thumba. Mzati wa miyalawu ndiwo njira ya madzi. Popanda iwo madzi amangonyowetsa pamwamba, mbande za m'munsi n'kufota.

Dothi lisakhale makande okhaokha. Makande athuwa akanyowa amamata, akauma amalimba ngati njerwa, ndipo m'thumba mizu siipuma. Sakanizani ndowa ziwiri za dothi, imodzi ya manyowa ndi imodzi ya mchenga wa kumtsinje. Ndowe ya mbuzi ndi ng'ombe sisowa kuno, mungopempha kwa amene ali ndi khola, koma ikhale yowolerana. Yaiwisi imawotcha mbande. Mukathirira masiku angapo dothi n'kukhazikika, ng'ambani timabowo tokwana zala ziwiri m'mbali mwa thumba, motalikirana masentimita 15 mpaka 20, mizere ikhale yosemphana kuti masamba asaphimbane. Thumba limodzi limalandira mbande 20 kapena kuposerapo. Wokerani madzulo, ndipo mukanikize dothi ndi chala kuti muzu ugwire.

Tsopano nkhani imene makanema akunja sangakuuzeni, ndipo ine ndimaiona kuti ndiyo yaikulu: mchere. Mijigo yambiri m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje imatulutsa madzi amchere. M'munda mvula imautsukira pansi, koma m'thumba madzi amauluka ndi dzuwa, mchere n'kutsala momwemo, tsiku ndi tsiku ukuunjikana. Mudzaona thumba layera mbuu m'mbali, masamba apsa m'mphepete chonsecho mukuthirira mokwanira. Ambiri akaona zimenezi amati ndi matenda, amakagula mankhwala, ndalama n'kupita pachabe. Choncho musanagule mbewu, lawani madzi anu. Ngati lilime likumva mchere, musathirire okhawo. Sakanizani ndi a pampopi kapena a mumtsinje, ndipo nthawi ya dzinja tchererani a padenga la malata mu dilamu. Apo ndi apo thirani madzi abwino ochuluka mpaka atuluke kunsi kwa thumba, atsuke mcherewo. N'chifukwa chake mabowo a pansi aja ndi njerwa zija si zoti mudumphe. Sipinachi amapirirako mchere, pamene nyemba ndi anyezi sizichedwa kugonja.

Madzi otsukira mpunga kapena ndiwo musataye, ndi abwino. A sopo wochapira zovala asiyeni, nawonso amawonjezera mchere, ndipo otsukira matewera asayandikire n'komwe. Kolera wa 2022 ndi 2023 uja tisamuiwale.

Za dzuwa, kuno mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Mabotolo apulasitiki odzalamo mbewu opachika pakhoma amaoneka bwino pa chithunzi, koma dothi lake ndi lochepa, pofika masana latentha mpaka mizu. Ine sindingakulimbikitseni, pokhapokha mwezi wa Juni ndi Julayi. Ikani thumba pamene pamawomba dzuwa la m'mawa, masana pakhale mthunzi, kaya wa nimu kaya wa kachisakasa ka bango. Likulungeni ndi udzu kapena mphasa yakutha, pamwamba muphimbire. Mukatero mwatetezanso thumbalo, chifukwa dzuwa limalifumbutsa msanga. Thirirani m'mawa kwambiri ndi madzulo.

Nyengo yotentha dalirani ndiwo zathu zomwe: bonongwe, kholowa, denje. Repu, mpiru ndi tchainizi zimachita bwino kuyambira Epulo mpaka Ogasiti, kukatentha nsabwe zimazithera. Zikagwidwa, sinjani masamba a nimu, muviike usiku wonse, museferetu n'kuwaza kunsi kwa masamba. Pamwamba pa thumba ikani phata limodzi kapena awiri a tomato, muwamangirire ku kamtengo. Nkhaka ndi zipwete zikwere mpanda.

Mpandawo ndiye musauchedwetse. Anthu akangokolola ziweto zimamasulidwa, ndipo mbuzi imodzi imatha thumba lonse inu muli kumsika. Bango ndi minga n'zokwanira.

Pali amene amanena kuti ulimi umenewu uthetsa njala m'Chigwa. Ayi, tisanamizane. Chimanga, mapira ndi mchewere zimafuna munda, ndipo za ulimi waukulu wothirira tikuyembekezera ngalande ya Shire Valley Transformation Programme yochokera ku Kapichira. Thumba ndi la ndiwo basi. Koma ndiwo si nkhani yaing'ono kwa mayi amene ana ake adya nsima ndi mchere, kapena kwa banja limene dimba lake linakwiririka ndi mchenga pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 n'kusamukira kumtunda kouma. Kwa anthu otere matumba angapo pakhonde ndi masamba a tsiku ndi tsiku, otsala n'kufutsa.

Ngati pakhomo panu madzi amadikha dzinja, kwezani mbewu pa thandala. Kumbukirani kuti thumba lodzaza dothi lonyowa ndi lolemera kwambiri, simungalinyamule. Pathandala ikani matumba odzaza theka kapena zigubu za malita 20 zodula pakati, mizati ikhale yolimba ndipo muziiyendera chifukwa cha chiswe. Chigumula chogwetsa nyumba sichingasiye thandala, koma madzi ofika m'mawondo mbewu zanu zidzawapulumuka.

Yambani ndi matumba awiri, muone mmene madzi anu akuchitira musanawonjeze. Dothi muzilitsitsimutsa ndi manyowa atsopano mukamaliza kukolola, ndipo pamene munali tomato musabwerezepo tomato. Bonongwe musiye mapata awiri akhwime kuti mupeze mbewu yanuyanu. Mukaona zachilendo pamasamba, thyolani tsamba mupite nalo kwa alangizi a zaulimi a kudera kwanuko.